GPS yanga ikumauma ndikafika malo amodzimodzi, thandizeni

Chitsa22
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi vuto ndi GPS ya m'manja imene ndimalembera malo a mitengo m'nkhalango. Ndi ya mabatani, imayendera mabatire awiri a AA, ndipo ili ndi kakhadi ka microSD kokhala pansi pa mabatirewo. Yayamba kumauma. Ndikuyenda bwinobwino, mapu akusuntha, kenako basi yangoti gwa. Sikirini imakhala ikuwala, zonse zikuoneka, koma batani lililonse ndingadine palibe chochitika, ngakhale lozimitsira lomwe. Mpaka nditsegule kumbuyo ndichotse mabatire. Ndikabwezera imayaka bwinobwino, koma track ya tsikulo (mzere wa njira imene ndayenda) imakhala yaduka ndipo nthawi zina waypoint yomaliza (malo amene ndalemba) imakhala yasowa.

Chondizunguza mutu n'choti sikuti imauma paliponse. Kumtunda ndimaswera nayo tsiku lonse osavuta. Ndikangotsetserekera kuchigwa, chakumtsinje kumene mitengo ndi yothithikana, ndiye imayamba. Anzanga akuti masetilaiti ndi amene safika kuchigwako. Zingatheke? Mmenemu muli ntchito ya miyezi yambiri, ndiye ndikuopa kuigwiragwira ndekha.

Kalulu_pa_Njinga
Ingoipangani master reset achemwali. Yanga inkapanganso choncho, nditairiseta inasiya.

Mpimi_Wakale
Ayi ayi, mayi musathamangire zimenezo. Master reset imabwezera chipangizo mmene chinachokera kufakitale, ndipo pa ma GPS ambiri ma waypoint ndi ma track amapita limodzi. Inu mwanena kuti muli ntchito ya miyezi yambiri. Musanakhudze chilichonse, ilumikizeni ku kompyuta ndi chingwe cha USB, mukopere ZONSE, foda ndi foda, za mkati mwa GPS ndi za pa kakhadi. Muziike mu foda ina pa kompyutapo, mulembe tsiku lake. Mukamaliza, tsegulani fayilo imodzi kapena ziwiri muone ngati zikutseguka. Kenako tiyambe kufufuza.

Achimwene a Kalulu, reset timaisungira kumapeto.

Kalulu_pa_Njinga
Pepani madala, ine ndimangonena zimene zinandithandiza.

Nyenyezi31
Amayi, za masetilaiti zija ndikukayika kwambiri. N'zoona kuti m'chigwa cha mitengo yothithikana signal imavuta. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo signal ikamafika pansi pano imakhala yofooka zedi, moti masamba onyowa ndi zitunda za mbali zonse zimaiphimba mosavuta. GPS imafuna masetilaiti osachepera anayi kuti ikuuzeni pamene muli komanso kutalika kwa malowo. Koma akasowa, chimene chimachitika n'choti kadontho kanu pa mapu kamaima kapena kumadumphadumpha, ndipo imalemba uthenga woti signal yatayika. Mabatani amagwirabe ntchito, menyu imatsegukabe. GPS imangomvetsera basi, siitumiza kanthu kumwamba, ndiye palibe chimene setilaiti ingachite kuti batani lozimitsira lisiye kugwira ntchito.

Ndiye tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amangozitchula kuti kufiriza. Kuli koti malo pa mapu aima koma mabatani ali moyo. Kuli koti yazima yokha, sikirini yati bii. Kuli koti sikirini ikuwala koma zonse zafa. Inu mukunena chachitatuchi eti?

Chitsa22
Chachitatucho ndithu. Ngakhale kawotchi ka pakona kamaima. Dzana inaima pa 10:47, ndinaisiya dala m'thumba kwa kanthawi kuti mwina idzidzimuka yokha, potulutsa ndinapeza idakali pa 10:47.

Bambo Mpimi, ndakopera zonse. Za mkati mwa GPS zinapita mwachangu. Za pa kakhadi zinatenga nthawi yaitali ndipo kompyuta inadandaula pa zithunzi zingapo kuti sizikuwerengeka, ndinangozilumpha.

Mpimi_Wakale
Zithunzi? GPS yanuyo ili ndi kamera?

Chitsa22
Ayi ilibe. Kakhadiko ndi ka 32 GB, mapu amangotenga pang'ono, ndiye ndimasungirapo zithunzi za mitengo zochokera mu kamera kuti zonse za ntchito zikhale pamodzi.

Wamawaya
Ine ndimayamba ndi magetsi nthawi zonse, chifukwa zipangizo zambiri zimene zimabwera pa tebulo langa akuti zapenga, ndimapeza kuti ndi mabatire. Mukugwiritsa ntchito amtundu wanji? Ndipo mu Setup mwasankha mtundu uti?

Chifukwa chake ndi ichi. A alkaline ndi 1.5V akakhala atsopano, koma mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, ndipo chipangizo chikakoka moto wambiri mwadzidzidzi amagwa kwambiri. Otchaja a NiMH ndi 1.2V, amakhala pamenepo nthawi yaitali kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. A lithium atsopano amafika cha m'ma 1.8V ukawayeza opanda katundu. GPS imayerekeza moto wotsala poyang'ana mavolti amenewa, ndiye ukaiuza zabodza za mtundu wa batire, nayonso imakuuza zabodza za moto wotsala.

Tsono taganizirani. Kuchigwa kuli mdima wa mitengo. Mukafikako simukweza kuwala kwa sikirini? Kuwalako ndi kumene kumadya moto kwambiri pa ma GPS amenewa. Mabatire akakhala otopa, mavolti amatha kugwa kwa kamphindi kakang'ono, osati mpaka kuzimitsa, koma kokwanira kusokoneza purosesa kapena kakhadi pamene ikulemba. Nthawi zambiri vuto la moto limazimitsa, koma ndinaonapo likuumitsa.

Chitsa22
Mwandigwira pamenepo achimwene, kuwala ndimakwezadi ndikalowa m'mitengo. Mabatire ndi otchaja, a NiMH, ndakhala nawo nthawi yaitali. Mu Setup munalembedwa Alkaline. Ndasintha tsopano.

Wamawaya
Chabwino. Chotsaninso mabatirewo muyang'ane timasipuling'i ndi tizitsulo timene timawagwira. Mukaona zoyera ngati ufa kapena zobiriwira, ndiye kuti batire la alkaline linadonthapo kale mmenemo. Nyowetsani kathonje ndi viniga pang'ono, mupukute, mupukutenso ndi kathonje ka madzi ochepa, muumitse bwinobwino musanabwezere. Musakande ndi mpeni, mumachotsa utoto woteteza ndipo dzimbiri limabwera msanga. Kenako bwezerani mabatire, yatsani, muimenye pang'ono pachikhatho mbali zonse. Ikazima kapena kuphethira, timasipuling'i tatopa.

Ulendo wotsatira mupite ndi mabatire atsopano enieni, awiri amtundu umodzi, osasakaniza lakale ndi latsopano.

Kalulu_pa_Njinga
Za timasipuling'izo ndi zoona. Ine ndimamangirira yanga pa handulo ya njinga yamoto, msewu ukakhala wa mabampu inkangozima yokha. Ndinaika kasiponji kopyapyala pakati pa mabatire ndi chitseko, mpaka lero.

Nyenyezi31
Amalume a Kalulu, ndiye yanuyo inachira ndi reset kapena ndi siponji?

Kalulu_pa_Njinga
Iwe mwana iwe. Zonse ndinapanga tsiku limodzi.

Mpimi_Wakale
Ndiye vuto lake limenelo. Munthu ukasintha zinthu zinayi tsiku limodzi, chipangizo n'kuchira, sudziwa chimene chachiza, ndipo likadzabweranso umayambira pachiyambi. Mayi Chitsa, inu muzisintha chimodzi, n'kuyesa, n'kulemba m'kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dalaivala_Usiku
Sindine katswiri koma ndinamva kuti mu 2019 ma GPS akale onse anasokonekera chifukwa cha deti. Si zimenezo?

Nyenyezi31
Nkhaniyo ilipo koma si onse, ndipo si mmene zimaonekera. GPS imawerenga nthawi ndi masabata kuchokera pa 6 January 1980. Mu uthenga wakale wa masetilaiti, nambala ya sabata anaipatsa ma bit 10 okha, kutanthauza kuti imafika masabata 1,024 n'kubwerera pa ziro. Zimenezi ndi zaka 19 ndi miyezi isanu ndi iwiri ndi theka. Zinachitika koyamba mu August 1999, kachiwiri pa 6 April 2019, ndipo zidzachitikanso mu November 2038. Zipangizo zimene firmware yake (pulogalamu ya mkati yoyendetsa chipangizo) sinakonzekere zimenezi zimaonetsa deti lolakwika, lobwerera m'mbuyo pafupifupi zaka 20, moti ma track amalembedwa ndi chaka chabodza. Zina vutoli limazigwera pa tsiku lina, osati pa 6 April penipeni, kutengera mmene opanga anawerengera.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Amayi, tulukani panja, idikireni igwire masetilaiti, muone deti. Likakhala lolondola, nkhaniyi tiitaye. Komanso vuto la deti silingasankhe chigwa n'kusiya mtunda.

Chitsa22
Deti lili bwino, chaka, mwezi, tsiku, zonse.

Ndiye ndapita lero ndi mabatire atsopano a lithium, Setup ndinaisinthanso kukhala Lithium, tizitsulo ndinapukuta ngakhale tinali toyera kale, poimenya pachikhatho siinazime. Kuwala ndinasiya pansi dala, ndimachita kutchinga ndi dzanja kuti ndione. Ndinatsika bwinobwino, ndinadutsa pamwala waukulu pamene ndimapumira, mtima unayamba kukhala m'malo. Nditangoyandikira kumtsinje, gwa. Malo ake omwe aja, kusiyana kwake mwina masitepe makumi angapo.

Mnzanga amene ndimayenda naye wayamba kunena kuti malowo ali ndi eni ake. Ine ndaseka koma kunena zoona zikundiimitsa mutu.

Wamawaya
Ndiye si moto. Ndavomera. Koma setting ya mabatire ija isiyeni yolondola, inali yolakwika ndithu.

Chinyezi bwanji? Kumtsinje kumakhala konyowa. Mukayang'ana mkati mwa galasi simuona kankhungu? Ambiri a ma GPS amenewa amalembedwa IPX7, kutanthauza kuti atha kumira mita imodzi kwa mphindi 30, koma zimenezo ndi pamene labala ya pachitseko ili yatsopano ndipo kachivundikiro ka pa USB kakutseka bwino. Labala ikang'aluka kapena mchenga ukakhala pamzere wake, chinyezi chimalowa.

Chitsa22
Galasi ndi loyera, labala ili bwino. Ndipo m'nyengo ya mvula ndinkanyowa nayo kumtunda osauma.

Mpimi_Wakale
Mayi, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo pali mawu awiri amene munanena amene sakundichoka. Oyamba, imauma malo amodzimodzi. Achiwiri, kompyuta inakana kuwerenga zithunzi zina za pa kakhadi. Tonse tinadutsa pamenepo ngati palibe kanthu.

Ndikufunseni. Mapu amene mumagwiritsa ntchito ali pati, mkati mwa GPS kapena pa kakhadi? Ndipo munawaika liti? Kuchigwako munayamba mwapitako ndi GPS yomweyi osauma?

Chitsa22
Ali pa kakhadi. Ndi a OpenStreetMap, okhala ndi mizere ya zitunda. Poyamba ndinali ndi akale, ndipo kuchigwa ndinkapitako bwinobwino. Atsopanowa anandiikira mnzanga wa ku ofesi posachedwapa chifukwa akale aja analibe tinjira tina. Mukundikumbutsa, vutoli linayamba chapompo.

Mpimi_Wakale
Eya. Tsono mvetserani. GPS siiwerenga mapu onse nthawi imodzi, ilibe malo okwanira m'mutu mwake. Fayilo ya mapu ndi imodzi yaikulu koma mkati mwake anaidula m'zigawozigawo, chigawo chilichonse dera lake. Mukamayenda, iyo imapita pa kakhadi kukatenga chigawo chimene mukulowamo. Chigawo cha kumtunda chikakhala chabwino, muyenda tsiku lonse. Chigawo cha kuchigwa chikakhala chowonongeka, ikangofika pochifuna ipeza zinyalala, ndipo firmware yosalimba imangoima pompo kudikira yankho limene silibwera. Malo amodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa malire a chigawocho sasuntha.

Simukufunika kupita kunkhalango kuti muyese. Khalani pampando m'nyumba. Yatsani GPS, tsegulani mapu, musunthe kamuvi ndi batani mpaka mufike kuchigwa kwanuko, kenako muyandikize mapu kufika pa mlingo umene mumagwiritsa ntchito poyenda. Ngati ili ndi njira yozimitsira masetilaiti, ena amati Demo, zimitsani kuti pasakhale wonamizira. Mutiuze.

Kalulu_pa_Njinga
Madala mukufuna GPS ikaume kumtsinje munthu ali pabalaza?

Chitsa22
Anthuni!!! YAUMA PATEBULO.

Ndinazimitsa masetilaiti, ndinayamba kusuntha kamuvi kuchokera pamsewu, kudutsa ma waypoint anga a kumtunda, zonse zikujambulika bwino, mizere ya zitunda ikubwera umodziumodzi. Nditadutsa pamwala paja, theka la sikirini linajambula mapu, theka linalo linangokhala mbee, kamzere ka mtsinje kanayamba pakona n'kuthera m'malere. Basi. Mabatani onse zii. Ndinachotsa mabatire, ndinayesanso kuchokera mbali ina ya chigwa, chimodzimodzi.

Ndamuitana mnzanga uja wa eni ake a malo kuti adzaone ndi maso. Wangoti mwina atitsatira kunyumba.

Nyenyezi31
Hahaha. Agogo a Mpimi ulemu wanu.

Mpimi_Wakale
Tisanasangalale, chotsani kakhadiko muyesenso chimodzimodzi. Popanda khadi mungoona mapu osalongosoka amene anabwera ndi chipangizo, koma ma waypoint anu aonekabe ngati ali mkati. Sunthani kamuvi pamalo omwewo. Ikauma popanda khadi, ndiye kuti tiyang'ane mafayilo a GPX a mkati, amene amasunga ma track ndi ma waypoint, chifukwa nawonso amatha kuchita zomwezi. Track imodzi yoduka pakati yokhala dera limenelo ikhoza kuigwetsa.

Potulutsa samalani kachitseko kachitsulo kamene kamagwira khadi. Kamayenda chammbali kaye kenako n'kutukuka. Ambiri amakathyola pokakamiza.

Chitsa22
Popanda khadi sikuuma. Ndazungulira chigwa chonse ndi kamuvi, ma waypoint onse alipo.

Kalulu_pa_Njinga
Ndiye zatha. Fomatani khadilo, ikaninso mapu.

Wamawaya
Dikirani kaye achimwene. Funso ndi lakuti mapuwo anawonongeka bwanji. Pali njira zingapo. Mwina fayilo inaduka pamene amaikopera pa intaneti. Mwina chingwe chinazulidwa kompyuta isanamalize kulemba. Zikakhala zimenezo, kuikanso mapu kuthetsa nkhani. Koma zithunzi zokana kuwerengeka zija zikundiuza kuti khadi lenilenilo ndi lodwala, ndipo ndikukayikira kuti ndi labodza.

Achemwali, zithunzi zimene zikukanazo ndi zakale kapena zaposachedwa? Ndipo zonse zimene zili pa khadipo zikukwana ma GB angati?

Chitsa22
Zakale zonse zikutseguka. Zokana ndi zaposachedwa, zimene ndinaika mapu atsopano atalowa kale. Ndipo si zochepa ngati mmene ndimaganizira, ndatsegula chimodzichimodzi, zambiri mayina alipo, kukula kwa fayilo kukuoneka, koma chithunzi palibe. Zonse pamodzi ndi 9 GB ndi kanthu.

Wamawaya
Ndimaopa zomwezo. Pali makhadi achinyengo ambiri. Amatenga khadi laling'ono, tinene la 8 GB, n'kusintha kachipangizo ka mkati kuti kaziuza kompyuta kuti ndi la 32 GB, kunja n'kusindikizapo dzina la kampani yodziwika. Zili ngati kope limene pachikuto alembapo masamba 200 koma mkati muli 50. Ukamalemba masamba oyambirira zonse zili bwino, ndipo ungakhale nalo chaka osadziwa. Ukadutsa malire enieni, kompyuta imaonetsa kuti yakopera bwinobwino, dzina la fayilo limalembedwa pamndandanda, koma zamkatizo sizinapite kulikonse. Makhadi ena oipitsitsa amabwerera kumayambiriro n'kumalemba pamwamba pa zakale.

Ndiye taonani mmene zikugwirizanira. Zithunzi zanu zinadzaza khadi mpaka pafupi ndi malire. Mapu atsopano atabwera, mbali yoyamba inakwana, mbali yotsala inagwera kunja. Kumtunda kwanu kuli mbali imene inakwana. Chigwa chili mbali imene inagwa. Zithunzi zonse zobwera pambuyo pake zinagwera komweko.

Kuti titsimikize, pa Windows pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw. Pa Linux ndi Mac pali F3. Kamadzaza khadi ndi mafayilo ake mpaka pakamwa, kenako n'kuwawerenganso kuona ngati abwerera mmene anapitira. Poti zanu munakopera kale, fufutani zonse pa khadilo, muliike mu card reader, musayesere kudzera mu GPS chifukwa USB yake ndi yochedwa. Zitenga nthawi, musazule pakati.

Mpimi_Wakale
Musanafufute, koperaninso kachiwiri mu foda ina. Sizipweteka.

Dalaivala_Usiku
Koma khadi la 64 GB silingakhale bwino kuposa? Malo ambiri.

Nyenyezi31
Pa GPS yakale likhoza kukuvutani. Makhadi ofika 32 GB ndi a SDHC ndipo amabwera atafomatidwa mwa mtundu wa FAT32. Oposa pamenepo ndi a SDXC, amabwera ndi exFAT, imene ma GPS ambiri akale saiwerenga n'komwe. Ena amawafomata kukhala FAT32 n'kugwira, koma si onse. Komanso pa FAT32 fayilo imodzi singapose 4 GB, ndiye mapu aakulu kwambiri amayenera kugawidwa. Kunena zoona pa ntchito ngati ya amayiwa khadi la 8 kapena 16 GB lenileni ndi lokwana n'kutsala. Onani m'buku la chipangizo chanu malire ake.

Chinanso kwa amene amagwiritsa ntchito Mac. Mukakopera mafayilo pa khadi, imasiyapo timafayilo tobisika toyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, dzina lofanana ndi fayilo yeniyeni. GPS ina imatitenga ngati GPX yeniyeni n'kuyesa kutiwerenga. Ndipo mukafufuta fayilo osakhuthula Trash khadi lidakali lolumikiza, malo ake sabwerera.

Chitsa22
Zotsatira zabwera. Kulemba kunayenda bwino mpaka kumapeto, ndinayamba kuganiza kuti a Wamawaya alakwitsa. Powerenganso ndiye panalembedwa zofiira. Zabwino ndi 7.4 GB zokha, zina zonse zatayika. Pa khadipo palembedwa 32 GB ndi zilembo zokongola.

Ndakhala chete kwa kanthawi. GPS ndimaiimba mlandu masiku onsewa ilibe chifukwa.

Tsono zithunzi zanga zija, pali njira yozibwezera? Ndamva kuti pali mapulogalamu obweza zofufutidwa.

Wamawaya
Pepani achemwali, pamenepo ndisakunamizeni. Mapulogalamu amenewo amabweza fayilo imene inalembedwa pa khadi kenako dzina lake n'kufufutidwa, zamkati zidakalipo. Kwa inu ndi mosemphanitsa, dzina lilipo koma zamkati sizinalembedwepo chiyambire. Palibe chokatola. Koma zithunzizo munkazichotsa mu kamera eti? Khadi la mu kameramo ndi limene lingakupulumutseni. Ngati munangofufuta ndipo simunajambule zambiri pambuyo pake, lichotseni mu kamera lero lomwe, musajambulirenso kanthu, muyese PhotoRec. Ndi yaulere, maonekedwe ake ndi oopsa pang'ono chifukwa ndi zilembo zokhazokha, koma imagwira ntchito. Zimene yapeza muziika pa kompyuta, osati pa khadi lomwelo.

Mpimi_Wakale
Ndipo khadi latsopano likabwera, muliyese ndi H2testw lisanalowe mu GPS, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Pa khadi la GPS muziikapo mapu okha. Akale aja musawasiye oyatsa limodzi ndi atsopano, mapu awiri a dera limodzi akayatsidwa pamodzi chipangizo chimajambula kawiri ndipo chimalemera.

Poti mwatsegula kale chipatala, yang'ananinso mafayilo a GPX a mkati. Kuchotsa mabatire GPS ili mkati molemba track kumatha kusiya fayilo yoduka, ndipo inu mwachita zimenezo kambirimbiri mosafuna. GPX ndi zilembo wamba, mutha kuitsegula ndi Notepad. Pitani pansi penipeni, mzere womaliza uyenera kukhala wotseka, wolembedwa gpx ndi kamzere kopendekera kutsogolo kwake. Ikathera pakati pa nambala, yaduka. Yotereyo ichotseni mu GPS, muisunge pa kompyuta, imakonzeka pochotsa mfundo yodukayo n'kulemba mizere yotsekera ndi manja. Zizindikiro za fayilo yotere n'zosiyana ndi zanuzi, nthawi zambiri GPS imaumira poyaka penipeni, pamene ikuwerenga ma waypoint ndi ma track.

Track ya tsiku ndi tsiku muziisunga n'kuyamba ina. Ambiri a ma GPS amenewa track imodzi imafika mfundo 10,000, ikadzadza ena amayamba kufufuta zoyambirira mwakachetechete.

Nyenyezi31
Nanga firmware agogo? Palibe amene waitchula.

Mpimi_Wakale
Ndinaisiya dala. Ngati ilipo yatsopano kwa opanga chipangizocho, aike, koma akayambe ayenda kuchigwa ndi khadi latsopano kaye kuti tidziwe chimene chachiza. Poika, mabatire akhale odzadza ndipo asaigwire mpaka imalize yokha. Ikazima pakati pa ntchito imeneyo mutha kutsala ndi chipangizo chosayakanso.

Chitsa22
Ndabwerako kuchigwa ndi khadi la 16 GB limene linapambana mayeso, mapu omwe aja ndinakoperanso mwatsopano. Ndatsika mpaka kumadzi, ndawoloka, ndalemba mitengo ya tsidya lina, kuwala ndinakweza mpaka kumapeto dala. Sinaume. Pansi penipeni accuracy (kuphonya kwa malo) inafika mamita 12 ndipo kadontho kamayendayenda ndikaima, koma zimenezo a Nyenyezi ananena kale kuti ndi mitengo.

Mu GPX ndapeza ziwiri zoduka, zonse za masiku amene inauma, ndazichotsa. PhotoRec yabweza zithunzi zambiri ndithu, koma zonse zabwera ndi mayina achilendo, ndiye sindikudziwa kuti chithunzi chiti ndi cha mtengo uti.

Nyenyezi31
Musadandaule nazo amayi. Mkati mwa chithunzi chilichonse kamera imalemba tsiku ndi nthawi, ndipo zimenezo zimabwerera limodzi ndi chithunzicho ngakhale dzina litasowa. Track yanu nayo mfundo iliyonse ili ndi nthawi yake. Pali mapulogalamu, monga GeoSetter kapena ExifTool, amene amagwirizanitsa ziwirizi n'kuika chithunzi pamalo pamene munaima nthawi imeneyo. Chenjezo ndi loti mu GPX nthawi imalembedwa mu UTC (nthawi ya dziko lonse, osati ya kwanuko), pamene kamera imalemba nthawi imene munaiikira inuyo, ndiye muyenera kuuza pulogalamuyo kusiyana kwa maola. Wotchi ya kamera ikakhalanso kuti inatsalira kapena kutsogola, jambulani sikirini ya GPS ikuonetsa nthawi, mufanizire ndi nthawi imene kamera yalemba pa chithunzicho, mupeza kusiyana kwake mpaka masekondi.

Za accuracy ija, ngati GPS yanu ili ndi GLONASS (masetilaiti ena, a ku Russia) yatsani mukamalowa m'chigwa. Masetilaiti akachuluka, mwayi woona ena pampata wa mitengo umakula. Imadyako mabatire pang'ono. Polemba mtengo muziimanso kaye kanthawi, ngati ili ndi waypoint averaging (kuyeza malo kambirimbiri n'kutenga pakati pake) mugwiritse ntchito.

Chitsa22
Masiku amene track inadukawo ndiye zivuta, koma enawo ndiyesa. Kusiyana kwa maolako ndikuika kuphatikiza kapena kuchotsera? Ndayesa chithunzi chimodzi chakagwera pamsewu pamene ndinaimika galimoto m'mawa.

Nyenyezi31
Ndiye kuti maolawo mwawaika mbali yolakwika kapena mwawachotsa kawiri, pulogalamu ina imadzichotsera yokha potengera wotchi ya kompyuta. Sankhani chithunzi chimene mukudziwa bwino malo ake, monga cha pamwala paja, muzisintha mpaka chikhale pamenepo, kenako zina zonse zitsatira. Mukalephera tumizani nthawi ya chithunzicho ndi mizere ingapo ya track ndikuwerengereni, koma mufufute manambala a malo musanatumize pagulu.

Kalulu_pa_Njinga
A Wamawaya, H2testw ija imatenga nthawi yaitali bwanji? Langa la 128 GB layamba kulemba zofiira lisanafike n'komwe pa kota.

Wamawaya
Lisiyeni limalize muone kuti lenileni ndi lalikulu bwanji. Munakopera kaye zimene zinalipo?

Kalulu_pa_Njinga
Funso limenelo ndiyankha mawa.